Chifukwa chake mgwirizano umapulumuka pamene maubale a anthu asanjikizana

Mawu akuti "masewera" amasocheretsa anthu ambiri amene amakumana ndi nkhani za akatswiri a masamu ofufuza za mgwirizano. Ena amayesa kuti nkhaniyo ndi ya mpira kapena bawo, pamene ena, akamva kuti kompyuta yasonyeza kuti anthu amathandizana kwambiri akakhala pa maubale angapo nthawi imodzi, amaganiza kuti asayansi atulukira lamulo lotha kulosera khalidwe la munthu aliyense. Zonse ziwirizi si zoona. Chimene akatswiriwa akulimbana nacho ndi funso lakale kwambiri, limene aliyense amene anakhalapo pa gulu la banki m'khonde kapena pa ntchito yachitukuko ya m'mudzi analifunsapo mumtima: ngati kuzemba ntchito ya gulu kumapindulira wozembayo, n'chifukwa chiyani mgwirizano sunatheretu padziko?

Yankho limene lakhala likumveka m'zaka zapitazi ndi lakuti munthu sakhala pa ubale umodzi wokha, ndipo zimene amapeza kapena kutaya pa ubale wina zimamutsatira pa ubale winanso. Kuti yankholi limveke bwino, tiyenera kuyamba ndi masewerawo.

Masewera amene akunenedwa ndi otani

Chiphunzitso cha masewera, chimene pa Chingerezi amachitcha game theory, ndi nthambi ya masamu yofufuza zochitika zimene phindu la munthu limadalira zosankha zake pamodzi ndi zosankha za anzake. Maziko ake anayalidwa ndi John von Neumann ndi Oskar Morgenstern m'chaka cha 1944. Sewero limene latchuka kuposa onse pa nkhani ya mgwirizano linapangidwa mu 1950 ndi Merrill Flood ndi Melvin Dresher ku bungwe la RAND ku America, ndipo Albert Tucker analiveka nthano ya akaidi awiri ofunsidwa mafunso m'zipinda zosiyana, n'chifukwa chake limatchedwa vuto la akaidi awiri.

Sitikusowa akaidi kuti tilimvetse. Tiyerekeze alimi awiri amene amathirira madimba awo ndi ngalande imodzi, ndipo ngalandeyo ikufunika kuichotsa matope. Aliyense ali ndi zosankha ziwiri, kuthandiza kapena kuzemba. Onse akathandiza, aliyense amapeza mapointi 3. Onse akazemba, madzi amayenda movutikira ndipo aliyense amapeza pointi 1. Koma mmodzi akagwira ntchito yekha mnzake ali khale, wozembayo amapeza mapointi 5, popeza wapeza madzi osakhetsa thukuta, pamene wogwira ntchitoyo amatsala ndi 0. Tsopano taonani mmene mlimi aliyense angaganizire. Ngati mnzanga athandiza, ine ndipeza 5 pozemba m'malo mwa 3. Ngati mnzanga azemba, ine ndipeza 1 pozemba m'malo mwa 0. Mbali zonse ziwiri kuzemba ndiko kukuoneka kwanzeru, choncho onse awiri amazemba n'kupeza pointi 1 aliyense, chonsecho akanathandizana akanapeza 3. Palibe amene walakwitsa masamu, koma onse aluza.

Mu 1980 Robert Axelrod wa pa yunivesite ya Michigan anachititsa mpikisano wa mapulogalamu a pa kompyuta osewera seweroli mobwerezabwereza, ndipo njira imene inapambana inali ya Anatol Rapoport, yongoti yamba ndi kuthandiza, kenako uzichita chimene mnzako anachita ulendo wathawu. Izi zinasonyeza kuti anthu awiri amene amakumana kawirikawiri atha kusunga mgwirizano. Koma funso lina linatsala, lokhudza khamu la anthu amene sasunga mbiri ya mnzawo aliyense.

Osewera amene amatsanzira

Apa ndi pamene panalowa nzeru za akatswiri a zamoyo. John Maynard Smith ndi George Price, polemba mu 1973 za mmene nyama zimalimbirana, anasonyeza kuti sikofunika kuti osewera akhale oganiza mozama. Chofunika ndi chakuti khalidwe limene likupindula kwambiri lifalikire. Pa nyama limafalikira kudzera mu kubereka, ndipo pa anthu limafalikira kudzera mu kutsanzira, monga mmene mlimi amasinthira mbewu akaona kuti nkhokwe ya mnzake yadzaza kuposa yake. Mawu akuti mgwirizano "ukusanduka" kapena "ukufalikira" m'kafukufukuyu amatanthauza zimenezi basi: pa ulendo uliwonse wa sewero, wosewera amayerekeza mapointi ake ndi a wina, ndipo amatha kutengera khalidwe la amene wapeza zambiri.

Ngati aliyense amakumana ndi aliyense mwachisawawa, ngati anthu osadziwana pa msika waukulu wa m'tauni, mapeto ake ndi omvetsa chisoni. Wozemba amapeza zambiri kuposa wothandiza nthawi zonse, anthu amamutsanzira, ndipo othandiza amatha psiti.

Ukonde umodzi

Anthu enieni sakumana mwachisawawa, ndipo ichi ndicho chimene Martin Nowak ndi Robert May anachiika m'masamu mu 1992. Anakhazika osewera pa bolodi la timabokosi lofanana ndi la drafuti, aliyense n'kumasewera ndi oyandikana naye okha ndi kutsanzira amene wapambana pakati pawo. Othandiza sanathe. Anaunjikana m'timagulu, ndipo mkati mwa kagulu aliyense ankapindula ndi anzake omuzungulira, pamene ozemba ankangodya m'mphepete, ndipo akachuluka malo amodzi ankasowa womudyera masuku pamutu. Pa mlingo wina wa phindu la kuzemba, chiwerengero cha othandiza chinkakwera ndi kutsika koma chinkazungulira pa 32 mwa 100 alionse.

Bolodi limeneli ndi mtundu umodzi wa chimene akatswiri amachitcha netiweki, chimene m'nkhani ino tichitche ukonde, popeza chimafanana ndi ukonde wa asodzi: mfundo iliyonse yomangidwa ndi munthu, ndipo ulusi wolumikiza mfundo ziwiri ndi ubale wa anthu awiriwo. Mu 2005 Francisco Santos ndi Jorge Pacheco anapeza kuti pa maukonde amene anthu ochepa ali ndi maulusi ambirimbiri pamene ambiri ali ndi ochepa, mgwirizano umakula kwambiri, chifukwa wothandiza akakhala pa malo odziwika chotero amafalitsa khalidwe limene limabwerera kudzamupindulira, pamene wozemba amafalitsa khalidwe limene limadzamusaukitsa yekha. Chaka chotsatira Hisashi Ohtsuki ndi anzake anapeza lamulo lalifupi lothandiza kwambiri. Tengani phindu limene wothandizidwa amalandira, muligawe ndi mtengo umene wothandiza amalipira. Ngati yankho liposa chiwerengero cha anansi amene munthu amakhala nawo pa ukondewo, mgwirizano uli ndi mwayi wofalikira. Thandizo limene limanditayitsa pointi 1 koma limapatsa mnzanga mapointi 5 litha kufalikira pamene aliyense ali ndi anansi 4, koma osati pamene ali ndi anansi 8. Lamuloli limagwira pa njira ina yake yotsanzirana, osati pa njira zonse, ndipo Christoph Hauert ndi Michael Doebeli anali atasonyeza kale mu 2004 kuti pa sewero la mtundu wina kukhala pa bolodi kumachepetsa mgwirizano m'malo mowukulitsa.

Munthu mmodzi, maubale ambiri

Chofooka cha ntchito yonseyi n'chakuti imaona munthu ngati wokhala pa ukonde umodzi wokha. Koma mayi amene mumasonkha naye ndalama ku banki m'khonde athanso kukhala mlamu wanu, mnzanu wa mu kwaya, komanso amene mumagula naye feteleza pa ngolo imodzi. Ubale uliwonse uli ndi ukonde wakewake. Tikaika maukonde amenewa wina pamwamba pa unzake ngati nyumba yosanjikizana, anthu ake n'kukhala omwewo koma maulusi n'kumasiyana pa gawo lililonse, timapeza chimene chimatchedwa multilayer network, kapena kuti ukonde wosanjikizana.

Ganizo limeneli silinayambire pa kompyuta, ndipo mbali ina ya mbiri yake ili pafupi ndi kwathu. Max Gluckman, polemba mu 1955 za mmene mabwalo a milandu a Alozi a ku Barotseland, dera la kumadzulo kwa Zambia, ankaweruzira, anagwiritsa ntchito liwu lakuti multiplex pofotokoza ubale umene umanyamula zinthu zambiri nthawi imodzi, ndipo anaona kuti oweruza ankasamala kuti mlandu wa chinthu chimodzi usadule ubale wonse wa anthu awiri. Pambuyo pake Bruce Kapferer anafufuza anthu 39 ogwira ntchito pa malo osokera zovala ku Zambia, n'kulemba padera maubale a ucheza ndi maubale a kuthandizana pa ntchito. Analemba kawiri, motalikirana ndi miyezi 7. Atalemba koyamba ogwira ntchitowo anayesa kunyanyala ntchito pofuna malipiro abwino koma zinalephereka, ndipo atalemba kachiwiri kunyanyalako kunatheka. Zolemba zakezo, zimene zinasindikizidwa mu 1972, zikugwiritsidwabe ntchito ndi akatswiri a maukonde mpaka lero.

Mmene magawo amalumikizidwira

Pano ndi pamene pagona nkhani, ndipo tiyenera kuyenda pang'onopang'ono. Kusanjikiza maukonde pakokha sikusintha kanthu ngati magawowo sakukhudzana. Wofufuza ayenera kusankha chimene chimadutsa kuchoka pa gawo lina kupita pa linzake, ndipo chimene ambiri amasankha ndi mapointi.

Mu 2012 Jesús Gómez-Gardeñes wa ku Zaragoza ku Spain ndi anzake anapanga chitsanzo cha masamu chimene munthu aliyense amasewera vuto la akaidi awiri pa magawo angapo, ndipo ali ndi ufulu wothandiza pa gawo lina n'kuzemba pa linzake. Koma mapointi ake onse amaponyedwa m'thumba limodzi. Mnansi akafuna kutsanzira khalidwe lake pa gawo lina lake, amayang'ana kukula kwa thumba lonselo, osadziwa kuti mapointiwo anachokera pa gawo liti. Anapeza kuti pamene nyambo ya kuzemba yakula kwambiri, pa mlingo umene mgwirizano ukanatha pa ukonde umodzi, pa ukonde wosanjikizana unkapirira.

Chifukwa chake chimamveka tikachiona m'moyo wa tsiku ndi tsiku. Tiyerekeze bambo amene pa komiti ya mjigo amasonkha ndalama zokonzera nthawi zonse pamene anzake ambiri amazemba. Pa gawo limenelo lokha akuluza, ndipo palibe amene akanafuna kumutsanzira. Koma bambo yemweyo zinthu zikumuyendera pa malonda ndi pa ulimi, kotero kuti anthu akamuyang'ana amaona munthu wopeza bwino, ndipo amatengera makhalidwe ake, kuphatikizapo kusonkha kuja. Phindu la gawo lina labisa kutaya kwa pa gawo linzake, ndipo khalidwe lothandiza lapeza pobisala mpaka nyengo itasintha. M'pofunika kunena mosabisa kuti chobisacho sichisankha. Wozemba pa mjigo amene akupeza bwino kwina nayenso amatsanziridwa, ndiponso mapointi amene akuteteza kuthandiza kwa munthu pa gawo lina atha kukhala ochokera ku kuzemba kwake pa gawo linzake. Masamuwa sakunena kuti anthu amasanduka abwino. Akunena kuti khalidwe lothandiza limavuta kulizula likakhala ndi mizu m'magawo angapo.

Zhen Wang, Attila Szolnoki ndi Matjaž Perc anatenga njira ina mu 2013. Anagwiritsa ntchito sewero la thumba la onse, limene aliyense amasankha kuponya kapena kusaponya ndalama m'thumba, ndalamazo n'kuchulukitsidwa kenako n'kugawidwa mofanana kwa onse, oponya ndi osaponya omwe. Anaika osewera pa maukonde awiri, ndipo kupambana kwa wosewera pa ukonde wina kunkadaliranso mapointi a mnzake wolumikizidwa naye pa ukonde winawo. Timagulu ta othandiza tinayamba kumera pa malo ofanana m'maukonde onse awiri n'kumachirikizana, ngati mitengo iwiri yotsamirana, ndipo mgwirizano unapulumuka pa nyengo zovuta kwambiri. M'kafukufuku wina wa chaka chomwecho, atatuwa anafunsa kuti kulumikizana kokwanira ndi kochuluka bwanji, ndipo yankho linali losayembekezeka: mgwirizano unkakula kwambiri pamene gawo chabe la osewera ndilo linali ndi maulusi olimba opita ku ukonde winawo, osati pamene onse analumikizidwa. Maukondewo amafunika kuthandizana, koma amafunikanso mpata woti uliwonse umere timagulu take.

Ntchito imene inafika patali kwambiri pa masamu ndi ya Qi Su, Alex McAvoy, Yoichiro Mori ndi Joshua Plotkin, imene inatuluka mu 2022 m'magazini ya Nature Human Behaviour. M'malo mongodalira kuyendetsa sewero pa kompyuta kambirimbiri, iwo anapeza njira yowerengera mwachindunji ngati kuthandiza kungafalikire pa ukonde wosanjikizana uliwonse. Chimene anapeza n'chodabwitsa ndithu: pali maukonde amene gawo lililonse palokha silingalole kuthandiza kufalikira, koma magawowo akalumikizidwa kuthandiza kumafalikira pa onse nthawi imodzi. Anayesa njira yawoyo pa maukonde 6 a anthu enieni, ndipo umodzi mwa iwo unali wa maubale a ucheza ndi a ntchito pa gulu lina la ku Zambia.

Pamene kusanjikizana sikuthandiza

Amene angawerenge mitu ya nkhani yokha angaganize kuti magawo akachuluka mgwirizano umakula basi. Sizili choncho, ndipo ofufuza omwewo ndi amene anachenjeza. Wang ndi anzake anaona kuti ngati timagulu ta othandiza talephera kumera pa malo ofanana m'maukonde onse awiri, kapena ngati china chake chasokoneza kugwirizana kwake, mgwirizano umagweratu pa maukonde onse. Mu 2017 Federico Battiston, Perc ndi Vito Latora anasonyeza kuti pa sewero la thumba la onse phindu la kusanjikizana limaoneka pokhapokha zinthu ziwiri zitakumana. Choyamba, maulusi a m'magawo osiyana ayenera kubwerezana mokwanira, kutanthauza kuti anthu amene ndimakumana nawo pa gawo lina akhale ambiri mwa iwo omwe ndimakumana nawo pa gawo linzake. Chachiwiri, pakhale gawo limodzi limene palokha likutha kusunga mgwirizano. Chimodzi mwa izi chikasowa, ukonde wosanjikizana umachita chimodzimodzi ndi ukonde wamba.

Mfundo ya kubwerezana kwa maulusi ndi imene, kwa ine, imafotokoza bwino kusiyana kwa mudzi ndi tauni. M'midzi yambiri munthu amene sapita ku maliro a anzake amadziwa kuti tsiku lake likadzafika adzavutika kupeza adzukulu okumba manda, ndipo mantha amenewo amagwira ntchito chifukwa anthu a pa maliro ndi omwewo a ku dimba, a ku tchalitchi kapena ku mzikiti, ndi a pa bwalo la amfumu. M'tauni munthu atha kukhala ndi magawo ochuluka kuposa a kumudzi, a ku ntchito, a pa WhatsApp, a ku malo olambirira, a pa lendi, koma anthu a m'magawowo sadziwana, choncho zimene wachita kuno sizimveka uko. Chitsanzo cha maliro chimadutsitsa mbiri ndi chilango, pamene zitsanzo za masamu tatchulazi zimadutsitsa mapointi, choncho si chinthu chimodzi ndendende. Chofanana chake n'chakuti zonse zimadalira kuti anthu ake akhale omwewo.

Kudalirana kwa maukonde kulinso ndi ngozi yake, imene inaonekera koyamba pa zinthu zosakhala anthu. Pa 28 September 2003 magetsi anazima pafupifupi m'dziko lonse la Italy, ndipo mu 2010 Sergey Buldyrev ndi anzake anagwiritsa ntchito chochitikachi pofotokoza mmene ukonde wa magetsi ndi ukonde wa makompyuta oyendetsa magetsiwo angagwetsanirane: siteshoni ikazima makompyuta ake amafa, ndipo makompyuta akafa masiteshoni ena amazimanso. Ulusi umene umanyamula mphamvu kuchoka pa gawo lina ndi womwewo umanyamula kugwa. Gulu la banki m'khonde la anthu apachibale limalimba chifukwa cha chibalecho, koma mkangano wa ngongole ukabuka umalowa mpaka m'banja.

Nanga anthu enieni amachita chimodzimodzi?

Zonse tafotokozazi zachitika m'masamu ndi pa kompyuta, ndi osewera amene amatsatira lamulo limodzi lotsanzira wopambana. Pamene ofufuza anayesa ndi anthu enieni, zotsatira zake zinadzetsa mtsutso umene ukupitirirabe. Mu 2012 Carlos Gracia-Lázaro ndi anzake anasindikiza zotsatira za kuyesa kwakukulu kumene ophunzira 1229 a m'sukulu za ku Aragon ku Spain anasewera vuto la akaidi awiri, ena 625 pa bolodi la timabokosi ndipo ena 604 pa ukonde wa anthu osiyana chiwerengero cha maulusi. Mgwirizano unatsika pa maukonde onse awiri n'kukhazikika pa mlingo wofanana, mosiyana ndi zimene masamu analosera. Ofufuzawo anaona kuti ophunzirawo sankatsanzira mnansi wa mapointi ambiri, koma ankayang'ana kuti ndi anansi angati amene anathandiza ulendo wathawu, komanso chimene iwo eni anachita.

Ena anayankha kuti kuyesako kunachitika pa mapointi amene ngakhale masamu sakanayembekezera zambiri. Mu 2014 David Rand, Nowak, James Fowler ndi Nicholas Christakis anayesa anthu pa intaneti, n'kumasintha phindu la thandizo ndi chiwerengero cha anansi, ndipo anapeza kuti mgwirizano unkakhazikika pa ukonde pamene lamulo la Ohtsuki lija lakwaniritsidwa, koma osati pamene silinakwaniritsidwe. Izi zisanachitike, mu 2011, Rand, Samuel Arbesman ndi Christakis anali atasonyeza kuti anthu akapatsidwa mwayi wodula ubale ndi ozemba n'kumanga wina ndi othandiza, mgwirizano umakhala wokwera. Mbali zonse ziwiri zili ndi umboni wake, ndipo zikugwirizana pa chinthu chimodzi, chakuti zotsatira zimadalira kwambiri mmene anthu amasankhira womutengera.

Mfundo imeneyi imalemera kwambiri pa ukonde wosanjikizana kuposa pa ukonde umodzi, chifukwa zotsatira za Gómez-Gardeñes komanso za Su ndi anzake zaima pa ganizo lakuti anthu amaona kupambana kwa munthu kophatikiza n'kutengera khalidwe lake pa gawo limodzi. Ganizoli silachilendo, popeza tonse taonapo wamalonda wolemera akusankhidwa kukhala msungichuma wa komiti ya sukulu ngakhale kuti sanaonetsepo luso pa ntchitoyo. Koma pali madera a moyo amene anthu amasiyanitsa bwino lomwe, n'kunena kuti uyu ndi katswiri pa malonda koma pa za mpingo sitingamutsatire, ndipo pamenepo mapointi sadutsa kuchoka pa gawo lina kupita pa linzake. Amene akukonza gulu la alimi, komiti ya m'mbali mwa nyanja yoyang'anira usodzi, kapena gulu losunga ndalama, kafukufukuyu sakumupatsa chiwerengero choti atsatire, koma akumupatsa mafunso oti afunse asanayambe: kodi anthuwa amakumananso pati kunja kwa gululi, kodi pali gawo limene amathandizana kale popanda wowakakamiza, ndipo kodi mbiri ya munthu pa gawo limenelo imafika m'makutu a anthu a pa gulu latsopanoli. Su ndi anzake anafika pa ganizo lofanana nalo kuchokera ku masamu okhaokha, pamene anaona kuti kusintha pang'ono maubale a pa gawo limodzi kutha kuyambitsa kuthandizana pa gawo lina limene silinakhudzidwe n'komwe.